Misomali ya m'matumba mwa alamu

Ndinakwatiwa ku Nchenachena, kumpoto uko, zipani zambiri zitangobwera kumene, nthawi imene aliyense ankayenda atavala nkhope ya munthu wina pachifuwa. Kwathu ndi ku Dedza. Amuna anga anandipeza ku Lilongwe iwo akuphunzira za uphunzitsi, ine ndikugulitsa m'golosale ya amalume, ndipo atandilowola ananditengera kwawo monga mwa mwambo wa kumeneko. Banja lawo linali la anthu ophunzira. Apongozi aamuna, amene ndinawapeza atamwalira kale, anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo. Mlongo wawo wa amuna anga anali namwino. Ngakhale galu wa pakhomopo ankamuthamangitsa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza Folomu 2, ndipo panali munthu amene anadzipatsa ntchito yondikumbutsa zimenezi tsiku ndi tsiku.

Munthuyo anali alamu anga, akulu awo a amuna anga. Anali atangobwerako ku usilikali, ku gulu la ndege ku Zomba, opanda mkazi, ndipo ankagona m'nyumba ya amayi awo. Mudzi wonse unkawatchula kuti a Pailoti. Pabalaza pa apongozi aakaziwo panali chithunzi cha alamu ataima pafupi ndi helikopita, chipewa chachikulu cha oyendetsa ndege atachipana kukhwapa. Apongozi ankachipukuta okha Loweruka lililonse. Ine ankandilola kupukuta mipando ndi mawindo, koma chithunzicho ayi.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, azibambo ankasonkhana pakhonde kudzamva za nkhondo ya m'mlengalenga. Alamu ankatambasula manja awiri, lina ndege yawo, lina mdani.

"Mdani sumupita pamaso," ankatero. "Umatsika m'chigwa, phiri likubise. Dzuwa likhale kumsana kwako kuti iye akakweza maso aone chidima. Ukamatulukira, iwe wawomba kale. Izi sizophunzira tsiku limodzi, madoda."

Akatero ankatulutsa makiyi awo omwe anali ndi kansalu kofiira kolendewera, n'kunena kuti kanali ka pamfuti ya ndege yawo, kamene amakachotsa ndege isananyamuke. Azibambo ankakagwira mosinthana ngati chinthu chopatulika. Ine ndinkabwera ndi tiyi, ndikugwada, ndipo apa ndi pamene alamu ankakonda kumalizira phunziro lawo.

"Padziko pano anthu alipo mitundu iwiri. Pali am'mwamba, pali apansi. Wapansi ngakhale umuveke suti amaonekerabe." Akatero ankandiloza ndi chibwano. "Si choncho, alamu?"

Ndinkayankha kuti ndi choncho. Mkamwana, monga amatchulira mkazi wa mwana wawo kumeneko, satsutsa pakhonde.

Poti analibe mkazi, zovala zawo ndinkachapa ndine. Apa ndi pamene ndinkawatukwana bwinobwino, chamumtima, ndikumenyetsa mathalauzi awo pamwala. Matumba awo sankakhala opanda kanthu. Munkapezeka misomali yadzimbiri, zitsekerero za mabotolo, tizidutswa ta waya, timiyala, nthawi zina batani la munthu wina. Matumbawo ankabooka mwezi uliwonse ndipo wosoka ndinali ine ndemwe. Munthuyo ankayenda chowerama ngati wataya singano, akaona kanthu pansi n'kutola osaimitsa nkhani imene akukamba. Tsiku lina ndinapisa dzanja n'kudzicheka ndi chidutswa cha lezala. Ndinapita kwa iwo chala chikuchucha magazi, ndikuwafunsa kuti zinthu zimenezi amatoleranji.

"Za m'ndege simungazimve, alamu," anatero osayang'ana n'chalacho. "Inu chapani."

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandithyola chinali cha mwana. Zaka zinayi zinatha ndili pabanja popanda ngakhale kupita padera. Kuchipatala cha mishoni anatipima tonse awiri, osapeza chonena chomveka. Apongozi poyamba ankangondipempherera mokweza kuti ndimve. Kenaka Lamulungu lina, tikudya pamodzi chifukwa kunabwera mlongo wawo uja, alamu anapukuta pakamwa n'kuyamba kulankhula ngati akukamba za nyengo.

"Kuntchito kwathu ndege ikatha zaka zinayi osanyamuka sitiisunga m'nyumba ayi. Timaikokera panja, udzu uzimerapo, pamalo pake pabwere ina."

Ena anaseka. Amuna anga anayang'ana m'mbale ngati mwalembedwa mayeso. Ndinadikira kuti anenepo kanthu, ngakhale kutsokomola chabe, koma anapitiriza kutafuna. Ndinawada alamu tsiku limenelo ndi mtima wanga wonse, ndipo amuna anga ndinawada pang'ono.

Pakhomo paja mawu a alamu anali lamulo. Apongozi ankati munthu amene boma linamukhulupirira ndi ndege sangalakwitse za banja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anakhala pamkhate penipeni. Anagwirizana kuti tikamaliza kukolola, Loweruka linalake, achibale akhale pansi akambe zondibweza kwathu. Kalata yopita kwa ankhoswe anga analemba ndi alamu, m'Chingerezi, n'kuiika pansi pa Baibulo pabalaza kudikira tsikulo. Ndinkaiona m'mawa uliwonse ndikamasesa. Kubwerera ku Dedza wopanda mwana, ng'ombe za malowolo zitagawidwa kale kwa abale, ndinkadziwa kuti kunali kukakhala chitonzo mpaka kufa.

Sabata yomweyo ya msonkhano, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pomwe amuna anga ankaphunzitsa analandira uthenga. Asilikali a ndege ankabwera kudzaphunzira katereredwe ka m'mapiri, ndipo helikopita yawo idzatera pabwalo la mpira Lachinayi m'mawa. Uthengawo unati Lachitatu kudzafika lole ya anthu okonza bwalo. Loleyo sinafike. Inakanirira pa kamlatho ka matabwa kumunsi uko, monga momwe galimoto iliyonse yolemera inkakanirira pamsewu wathu.

Mphunzitsi wamkulu sanade nkhawa. Tinali ndi pailoti wathuwathu, tikanasowanji? Anabwera kunyumba chipewa chili m'manja kudzapempha kuti alamu atsogolere ntchitoyo. Alamu anali atagona chiyambire pomwe anamva za helikopita. Anati malungo awagwira, mutu ukuwaza, sangathe n'kuima komwe. Ndinawapititsira phala, ndipo ndinaona kuti thupi silinkatentha konse, koma ndinayesa ndi ulesi wa anthu am'mwamba.

Ndiye tinakonza tokha, momwe timalandirira alendo akuluakulu a mpingo. Apongozi ndiwo ankalamula. Anyamata a sukulu anatchetcha udzu n'kuusiya milumilu m'mbali. Ife azimayi tinasesa bwalo lonse mpaka kutsala fumbi lokhalokha, poti inali nyengo yozizira, mvula itasiya kale. Tinayala zitenje zathu zabwino kuchokera pakati pa bwalo mpaka ku ofesi, kuti alendo asaponde dothi, n'kuzitsindira ndi timiyala m'makona. Ana anadula timbendera ta mapepala n'kutimangirira pa ulusi kuzungulira bwalo. Pakati tinaikapo tebulo, nsalu yoyera yoluka, ndi maluwa a pulasitiki a kuguwa. Kunena zoona panakongola, ndipo tinabwerera kunyumba tikudzitama.

Lachinayi m'mawa apongozi analowa kuchipinda kwa mwana wawo ndi ndodo yawo.

"Wuka, mwana wane. Anzako akubwera, iwe ugone? Anthu aziti chiyani? Malungo adikire."

Jekete yawo yakuda ndinasita ndine. Tinanyamuka, apongozi patsogolo, alamu pambuyo akukoka miyendo, ine kumapeto nditasenza mpando wa apongozi. Panjira anaima kawiri, akuti chizungulire. Anthu anali atadzaza kale, ena atachokera kumidzi ya kutali, ndipo titafika anatipatukira n'kuyamba kuwomba m'manja.

Alamu atangoona bwalolo anaima chilili. Anayang'ana zitenje, anayang'ana milu ya udzu, timbendera, tebulo. Ndinali pafupi ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anafunsa mphunzitsi wamkulu kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Anati mwina theka la ola.

Kenaka anaponya maso kunjira imene tinadzera. Ndikhulupirira kuti ankaganiza zothawa, ndipo akanatha kutero, poti malungo anali atawalengeza kale. M'malo mwake anavula jekete. Ngakhale pamenepo sanaiponye pansi. Anandipatsa m'manja.

"Chotsani zonsezi! Zonse! Tebulo kunja! Nsalu kunja!"

Mawu amenewo sindinawamvepo. Sanali mawu a pakhonde aja, okoka ndi onyada. Anali mawu a munthu wogwira ntchito. Mayi wina, mkazi wa mkulu wa mpingo, anayesa kutsutsa kuti chitenje chake n'chatsopano, wachiyalira alendo mwaulemu. Alamu anachizula pansi n'kumuponyera pachifuwa.

"Amama, nsalu imodzi iyi ikakwera m'mapiko a ndege ija, tonse pano atikwirira dzenje limodzi. Gwirani, mukhalire!"

Anatiimika pamzere umodzi, phewa ndi phewa, kuchokera pagolo mpaka pagolo linzake: aphunzitsi, akulu a mpingo ndi matayi awo, azimayi, ana. Anati maso pansi, kuyenda pang'onopang'ono, chilichonse choposa njere ya chimanga chitoledwe chilowe m'thumba kapena m'chitenje chomangidwa. Iwo ankayenda patsogolo chammbuyo, akukalipira amene wadumpha kanthu. Abusa anadumpha chitsekerero cha botolo, anawabweza ngati mwana wa Sitandade 1. Ena anawatuma kukatuta milu ya udzu kuiponya kuseri kwa makalasi, ena kukatunga madzi kumpopi kudzawaza pakati pa bwalo kuti fumbi ligone. Ndikutola timiyala tija tinatsindira zitenje, ndinakumbukira matumba aja ndinkasoka. Sindinamvetse zonse, koma kanthu kena kanandilasa m'mutu.

Phokoso linayamba kumveka kuseri kwa phiri tisanamalize bwino. Alamu anatithamangitsira kutali, kuseri kwa golo, akukuwa kuti zipewa zivulidwe ndipo mipango igwiridwe ndi manja. Iwo anatapa fumbi pang'ono n'kuliponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, kenaka anakaima okha pakati, mphepo ili kumsana, n'kukweza manja onse awiri.

Helikopita inatulukira chapansipansi, yaikulu kuposa momwe ndinkaganizira, mtima wanga n'kumagunda pamodzi ndi mapiko ake. Alamu ankaikodola ndi manja ngati akuitana ng'ombe yozolowera. Ankatambasula mikono, kuitsitsa pang'onopang'ono, ndipo chinthu chonsecho chinkawamvera. Mphepo yake inatigwetsera ana pansi. Mulu umodzi wa udzu umene tinauiwala unauluka wonse. Nsalu yoyera ija, imene wina anangoipinda n'kuisiya pabenchi kutali, inanyamuka ngati mbalame n'kukakodwa pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Tonse tinaiona, ndipo aliyense anaganiza za zitenje makumi angapo zimene zinali pansi pomwepo kanthawi kapitako. Alamu anapingasa manja pansi, ndege inakhala.

Nthungululu zake zinali zogonthetsa m'kutu. Apongozi ankalira pampando pawo, akuti mwana wane, mwana wane. Ine ndekha ndinazizidwa. Ndinadziwa kuti zanga zatha. Munthu amene watsitsa ndege ndi manja pamaso pa mudzi wonse, Loweruka akadzati mkamwana apite, ndani adzatsegule pakamwa?

"Mkamwana, thamanga, kamupatse jekete," anatero apongozi. "Asaonane ndi anzake ali m'shati."

Ndinathamanga. Mapiko ankazungulirabe, injini ikulira, ndipo anthu ena onse anali kutali. Ndege itatseguka munatsika msilikali wonenepa wa mizere itatu pamkono, sajeni, akuyenda chowerama. Atafika pafupi anaima, anayang'anitsitsa, kenaka anaseka chikhakhali n'kuwakumbatira alamu mpaka kuwanyamula.

"Ndinadziwa! Tili m'mwambamo ndinauza anyamatawa kuti manja awo ndikuwadziwa ine!" Anatembenukira kwa ine, akukuwa kuti ndimve. "Mayi, ndinu akazi awo?"

Ndinati ndine mlamu wawo.

"Mlamu, awa ndi aphunzitsi anga awa. Zaka khumi ndi zinayi akugwira ntchito pansi. Ndege imene aiona awa, pailoti ankangokwera osayang'ananso. Mfuti za pandege ankamanga ndi awa, timapini totsekera ankachotsa ndi awa. Tonsefe anatiphunzitsa kutola zinyalala pabwalo m'mawa uliwonse, ukadumpha msomali ulira. Za upailoti zokhazo ndiye zinawakana. Miyezi itatu basi, ikangonyamuka iwo ayamba kusanza, mpaka anawatsitsa." Anawamenya paphewa. "Chithunzi chija mudakali nacho, cha chipewa chobwereka chija? Koma mlamu, ndikuuzeni zoona. Lole yathu sinafike, ife sitimadziwa. Pakanapanda awa lero bwenzi pano pali maliro."

Sajeniyo sankanyoza. Ankanyadira mnzake, ndipo m'maso mwake munali misozi ya chimwemwe. Alamu analandira jekete osaivala. Anandiyang'ana, ndipo kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chibwerere changa pakhomo paja. Milomo yawo inali itauma, yoyera ndi fumbi.

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Mtunda wake unali ngati kuchoka pakhomo kufika pachitsime, ndipo nthawi yoganiza ndinali nayo yokwanira. Sindinganame kuti zinangondipulumuka. Apongozi anali atazunguliridwa ndi azimayi a mpingo ndi akuluakulu. Ndikufika, injini inazima, bwalo lonse linangoti zii.

"Wakuti vichi, mkamwana? Msilikali uja akuti chiyani za mwana wanga?"

Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira. Ndinayamba m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, kenaka ndinabwereza m'Chichewa, mokweza, kuti asapezeke wotsalira.

"Amama, akuti alamu sanayendetsepo ndege. Akuti anayesa miyezi itatu, ankangosanza, anawatsitsa. Ntchito yawo inali yotola zinyalala pabwalo. Chipewa cha pachithunzi chija akuti n'chobwereka."

Mawu aliwonse anali oona. Sindinawonjezerepo ngakhale limodzi. Ndinangosankha.

Woyamba kuseka anali mayi uja anamuponyera chitenje. Anayesa kubisa ndi dzanja koma zinamukanika. Kuseka kunayenda m'gulu lonse, wina kuuza mnzake, mpaka kumapeto kwa bwalo. Azibambo aja ankagwira kansalu kofiira ndiwo ankaseka kwambiri, poti anafunika kuonetsa kuti iwo ankadziwa kale. Apongozi sanaseke ndipo sanalire. Anadzuka, anatenga ndodo yawo, nauyamba wa kunyumba okha. Mpando ndinasenzanso ndine.

Asilikali anakhala masiku atatu. Ankanyamuka, kukazungulira m'mapiri, kubwerera, ndipo anthu a m'lole atafika ankaimika mzere womwe uja m'mawa uliwonse. Sajeni anabwera kunyumba kawiri kudzafuna mnzake, koma apongozi anandituma kukamuuza kuti akudwala malungo. Ndinakamuuza ndili pachipata, osamupatsa mpando. Akanakhala pansi n'kumwa tiyi, bwenzi atanena zonse, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Loweruka linafika n'kudutsa. Palibe wachibale amene anabwera, palibe amene anatchula za msonkhano. Chithunzi chinachoka pakhoma, panatsala kamalo koyera ka ngodya zinayi. Kalata ija inakhala pansi pa Baibulo sabata ina yathunthu, kenaka ndinaiyatsira mbaula. Apongozi anandiona koma sanandiletse. Mawu a munthu wabodza sakanathanso kuthetsa banja la mwana wawo, ngakhale iwo eni sanandikonde kuposa kale.

Amuna anga anandifunsa kamodzi kokha, tikubwera kumunda. "Kodi zinali zofunika kunena pagulu?" Ndinawafunsa kuti tsiku lija akulu awo ankandikokera panja kuti udzu undimerepo, iwo anali kuti. Nkhani inathera pomwepo.

Mudzi ndiye sunakhululuke. Anthu amakhululukira wakuba, koma osati munthu amene anawaombetsa m'manja. Dzina la a Pailoti linasanduka a Zinyalala. Anyamata a pagolosale anatulukira masewera: alamu akamadutsa, ankaponya chitsekerero cha botolo patsogolo pawo. Alamu ankayesa kupitirira. Ankayenda mapazi awiri, atatu, khosi litauma, kenaka n'kubwerera kudzatola, anthu n'kufa nacho chiseko. Thupi lawo linali litaphunzira ntchitoyo ndipo silinkamva za manyazi.

Nanenso ndinachitapo. M'mawa wina ali pakhonde okha, poti azibambo aja anasiya kubwera, ndinadutsa ndi tiyi n'kugwetsa msomali dala pafupi ndi phazi lawo. Unalira pasimenti. Ndinaima kudikira. Anauyang'ana nthawi yaitali, anawerama, anautola n'kuika m'thumba. Ndinamva kukoma, ndipo kukomako ndikukukumbukira mpaka lero. Matumba awo ndinali nditasiya kusoka.

Patatha miyezi iwiri ananyamula chikwama n'kutsikira ku Mlowe, kunyanja. Tinamva kuti akuthandiza munthu wina kuyanika usipa pamathandala. Amayi awo sanawatsanzike, ndipo dzina lawo linaleka kutchulidwa patebulo.

Zaka zitatu zinadutsa, ine ndilibebe mwana. Apongozi anadwala matenda awo omaliza ndipo wowasamala ndinali ine, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni. Masana ena, dzuwa likulowera pawindo, anandigwira dzanja. Maso awo anali pa kamalo koyera kaja, poti tinawagoneka pabalaza kuti aziona anthu.

"Mkamwana, ndakhala ndikuganiza. Msilikali uja anamukumbatira mwana wanga. Ndinaona ndi maso anga. Munthu sakumbatira wotola zinyalala chotero. Analankhula nthawi yaitali, iwe unandiuza mawu ochepa. Panalibe china chimene ananena?"

Ndikanatha kunena. Anali mawu ochepa chabe: kuti mwana wawo anali mphunzitsi wa anzake, kuti oyendetsa ndege ankaika moyo wawo m'manja mwake, kuti tsiku lija anapulumutsa mudzi. Akanatuma munthu ku Mlowe tsiku lomwelo. Koma m'maganizo ndinaona alamu atabwerera pakhonde paja, mawu awo atalemeranso, ine mimba ili pululu ngati kale. Ndinaopa. Ndipo pansi pa manthawo panali mkwiyo uja, sunathe.

"Yayi, amama," ndinatero. "Zinali zomwezo."

Anasiya dzanja langa n'kutembenukira kukhoma. Sanaitanitse mwana wawo. Anamwalira patatha masiku anayi.

Alamu anafika tsiku loika maliro, atakwera lole ya nsomba mpaka pamsewu waukulu, kwinako wapansi. Anali ataonda, tsitsi litachita imvi, jekete yakuda ija ikununkha usipa. Ngakhale anali mwana woyamba, sanawapatse mpata wolankhula. M'malo mwa banja analankhula amuna anga. Popita kumanda palibe amene anawaitana kuti agwire nawo bokosi. Anangopita patsogolo pa gulu lonse, chowerama, akuchotsa minga ndi timiyala m'njira imene onyamula ankadutsa. Ena kumbuyo ankagwedezana ndi zigongono. Pamaliro pomwe panapezeka woseka.

Anthu atayamba kubalalika, anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutsuka mapoto. Anaima patali pang'ono, mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Alamu, pepani ndi maliro. Ndamva kuti munawasamala chomene."

Ndinati pepani nanunso.

"Ndili ndi funso limodzi. Sajeni uja, tsiku lija, munamumva zonse? Paja kunali phokoso."

Apa anandipatsa khomo lothawira, ndipo sindikudziwa ngati anachita dala. Ndikanati phokoso linandilepheretsa. Koma ndinali nditatopa.

"Ndinamva zonse."

"Nanga amama, asanapite, munawauzako zotsalazo?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale. Ndinadikira kuti anditukwane. Ndinkafuna anditukwane, kuti nane ndiwakumbutse za ndege yokokera panja, tikhale ofanana. Mawu ndinali nditawakonza kale pakamwa.

"Yewo," anatero, kundithokoza m'Chitumbuka.

Anatembenuka kuti azipita, kenaka anaima. Maso awo anali pansi, pafupi ndi mapazi anga, poti ndinali wopanda nsapato. Anawerama n'kutola pini yotseguka imene inagwa kuchokera pa chitenje changa osadziwa ine. Anaitseka bwinobwino ndi zala zawo zong'aluka ndi mchere wa thukuta ndi dzuwa la kunyanja, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mungaponde, alamu," anatero, n'kutsika njira ya ku Mlowe.